Kufufuza umboni wa m'mafoni ndi m'makompyuta: mafunso ndi mayankho kwa ofuna Masters ndi ntchito yolimbana ndi umbava wa pa intaneti

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera ndikamacheza ndi achinyamata omwe angomaliza digiri yoyamba, apolisi a ku nthambi yofufuza milandu, ndi anzathu owerengera ndalama m'mabanki. Ena amafunsa chifukwa anamva kuti ntchito za makompyuta zili ndi ndalama. Ena n'chifukwa choti mayi awo anaberedwa ndalama za pa foni ndipo mpaka lero zikuwawawabe. Pena muona kuti ndakhalitsa pa funso limodzi. Dziwani kuti pamenepo ndi pomwe ambiri amasochera.

Kodi digital forensics n'chiyani, m'Chichewa chomveka?

Ndi luso lotola umboni m'foni, m'kompyuta, mu fulashi, m'makamera a CCTV kapena m'maseva (makompyuta akuluakulu osungira zinthu) a kampani, kuusunga osausintha ngakhale pang'ono, kuusanthula, kenako n'kukaufotokoza pamaso pa woweruza milandu mpaka aukhulupirire. Mbali yomalizayi ndiye mwini nkhani. Aliyense wodziwako kompyuta akhoza kutsegula foni ya mnzake n'kupezamo mauthenga. Koma kutsimikizira bwalo kuti uthengawo unalembedwa tsiku lakuti, pa foni imeneyi, ndiponso kuti palibe anauikamo foniyo ili kale m'manja mwa apolisi, imeneyo ndiyo ntchito imene anthu amapitira kusukulu.

Maganizo ake ndi akale kuposa kompyuta. Edmond Locard, amene anatsegula labotale ya apolisi ku Lyon m'dziko la France mu 1910, ankaphunzitsa kuti munthu akakhudza chinthu amasiyapo kanthu, nayenso n'kutengapo kanthu. Alenje a kwathu amazidziwa zimenezi: nyama ikadutsa, udzu umaulula. Ku Wichita, m'chigawo cha Kansas ku America, Dennis Rader anapha anthu 10 pakati pa 1974 ndi 1991 ndipo anakhala zaka pafupifupi 30 osagwidwa. Mu February 2005 anatumiza floppy disk, kadisiki kakale kosungira mafayilo, ku nyumba ina youlutsira mawu pa kanema. Akatswiri ataisanthula anapezamo fayilo ya Microsoft Word imene iye ankaganiza kuti anaifufuta, ndipo fayiloyo inali itasunga dzina loti Dennis ndi dzina la tchalitchi chimene ankapemphera. Mwezi womwewo anamangidwa. Mlandu suwola, ndipo masiku ano malo amene umabisala kwambiri ndi m'makina.

Ndiye kuti ndikaphunzira kuthyola makompyuta ngati ma hacker?

Ayi. Muphunzira mmene amathyolera kuti muzizindikira mapazi awo, koma ntchito yanu ndi ina. Wa cybersecurity ali ngati mlonda ndi mmisiri wa mpanda: amaonetsetsa kuti mbava isalowe. Wa forensics amabwera nyumba itathyoledwa kale, kudzaona kuti analowera pati, nthawi yanji, anatenga chiyani, ndipo ndani. M'makampani ang'onoang'ono munthu mmodzi amagwira zonse ziwiri, n'chifukwa chake masukulu ambiri amaziphunzitsira pamodzi. Koma ngati chimene chikukukokani ndi zomwe munaona m'mafilimu, munthu akumenya kiyibodi mphindi ziwiri chitseko cha banki n'kutseguka, mudzakhumudwa. Masiku ambiri mudzakhala mukuwerenga mizere zikwizikwi ya malogi, omwe ndi kaundula amene makina amalemba okha wa zonse zochitika m'kati mwake, ndi kulemba malipoti. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Foni kapena laputopu ikagwidwa, chimachitika n'chiyani kwenikweni?

Apa ndi pomwe milandu yambiri imafera, ndiye ndikhalitsapo.

Lamulo loyamba ndi loti chinthu chogwidwacho sichigwiriridwa ntchito. Mukangoyatsa laputopu, Windows imayamba kulemba ndi kusintha mafayilo ambirimbiri inu musanakhudze kalikonse, ndipo loya wa woimbidwa mlandu adzakufunsani kuti mwa zosinthazo, zanu ndi ziti. Choncho katswiri amachotsa hard disk n'kuilumikiza kudzera pa kachipangizo kotchedwa write blocker, kamene kamalola kuwerenga koma kamakana kulemba. Kenako amakopera disk yonse, kuphatikizapo malo ooneka ngati opanda kanthu, chifukwa m'menemo ndi momwe zofufutidwa zimagona. Kopeyo ndi imene amaisanthula. Disk yeniyeniyo imamatidwa m'thumba la umboni n'kutsekeredwa.

Nanga woweruza adziwa bwanji kuti kope ndi yofanana ndi chenichenicho? Pali masamu otchedwa hash. Njira ya SHA-256, mwachitsanzo, imawerenga zonse zili pa disk n'kutulutsa mzere wa zilembo ndi manambala 64. Mukasintha kadontho kamodzi kokha mu fayilo imodzi, mzere wonsewo umasintha. Ngati hash ya disk ndi ya kope zikufanana, palibe angatsutse. Ndi chidindo cha chala cha umboniwo.

Foni ili ndi mavuto akeake. Ikakhala pa netiweki, mwini wake kapena mnzake akhoza kuifufuta yonse ali kutali. N'chifukwa chake imaikidwa m'thumba lotchinga netiweki lotchedwa Faraday bag. Kuizimitsanso mwachisawawa n'koopsa: mafoni a masiku ano akazima amadzitseka kwambiri, ndipo kuwatsegula pambuyo pake kumavuta kuposa akanakhala oyaka. Kompyuta yopezeka ikuyaka nayo ili ndi zinthu mu RAM, malo amene imasungamo zomwe ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo, monga mapasiwedi ndi mapulogalamu oipa amene akuthamanga, zomwe zimasowa magetsi akangozima. Kudziwa nthawi yozula pulagi ndi nthawi yosazula ndi chimodzi mwa zinthu zimene mphunzitsi wabwino amakhalitsapo.

Pamwamba pa zonsezi pali pepala lotchedwa chain of custody: ndani anagwira foniyi, tsiku liti, ola lanji, anaipereka kwa yani, inagona m'kabati iti. Ndinaonapo nkhani imene umboni wake unali woonekeratu, koma foni inagona masiku angapo m'dirowa ya munthu popanda cholemba chilichonse, ndipo anaitsegulako kuti "angoona". Ntchito ya miyezi inathera pomwepo, ndipo amene anaberedwa sanapeze chilungamo. Mfundo zinayi za apolisi a ku Britain zodziwika ndi dzina la ACPO, komanso muyezo wa ISO/IEC 27037, zonse zikunena chimodzi: musasinthe umboni, ndipo lembani chilichonse mwachita kuti katswiri wina akatsata njira yomweyo apeze zomwe inu mwapeza.

Kodi zinthu zofufutidwa zimabwereradi?

Nthawi zina. Pa hard disk yakale ija yozungulira, kufufuta fayilo kuli ngati kuchotsa dzina la mwana m'kaundula mwanayo ali m'kalasi momwemo. Amakhalapobe mpaka wina adzakhale pa mpando wake. Pa SSD, disk ya makono yosazungulira, ndi zina, chifukwa pali dongosolo lotchedwa TRIM limene limayeretsa malo ofufutidwa mwamsanga. Mafoni atsopano nawo amabisa zonse ndi encryption, ndipo WhatsApp kuyambira 2016 imatseka mauthenga moti kampaniyo singawawerenge ali m'njira. Komabe uthenga umakhala ndi mbali ziwiri, wotumiza ndi wolandira, ndipo pamakhala ma backup, zithunzi zing'onozing'ono zotsalira, ndi zolembedwa ku kampani ya foni zosonyeza nambala imene inaimbira inzake ndi nsanja imene inagwiritsidwa ntchito. Katswiri wabwino salonjeza kuti abweza zonse. Amene akukulonjezani zimenezo asanaione n'komwe foniyo, muchenjere naye.

Kwathu kuno ntchito yotereyi ilipo, kapena ndi za kunja?

Milandu ilipo yambiri kuposa anthu oifufuza. Kumbukirani Cashgate ya 2013. Ndalama za boma zinkatuluka kudzera mu IFMIS, makina olipirira a boma: anthu ankalowetsa malipiro a makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse, macheke n'kutuluka, kenako n'kufufuta zolembedwazo m'makinamo. Kuti ziululike bwino panafunika akatswiri a kampani ya Baker Tilly ochokera ku Britain, ndipo mayiko otithandiza anaimitsa thandizo la bajeti. Mu February 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti athyoledwa ndipo othyolawo akufuna dipo. Anthu anakhala masabata ambiri osalandira mapasipoti. Tikayang'ana kwa anansi athu, Bank of Zambia inagwidwa ndi ransomware (pulogalamu yotseka mafayilo n'kufuna dipo) ya gulu la akathyali la Hive mu May 2022, ndipo Transnet, kampani yoyendetsa madoko ndi njanji ku South Africa, inagwidwa mu July 2021 mpaka ntchito pa doko la Durban inasokonekera. Mu April 2024 ku Lusaka anagwira anthu 77 pa kampani imene inkalemba ntchito achinyamata a ku Zambia kuti azinamiza anthu a m'mayiko ena pa intaneti. Chaka chomwecho Interpol ndi Afripol anachita chipikisheni chotchedwa Operation Serengeti m'mayiko 19 a mu Africa, ndipo anthu oposa 1,000 anamangidwa.

Koma umbava umene umaliza anthu wamba ndi wa pa foni: "ndatumiza ndalama molakwika, chonde bwezani", "mwawina mphoto", "mwana wanu wavulala kusukulu, tumizani ya thiransipoti". Ena mwa oimba mafoni oterewa apezeka ali m'ndende. Kalembera wa ma SIM ndi chiphaso cha unzika anathandizako, koma akathyali amagwiritsa ntchito ziphaso za anthu ena.

Kunena zoona, malo olembedwa kuti "digital forensic analyst" m'nyuzipepala za ku Malawi ndi ochepa. Luso limeneli limalowa kudzera m'maina ena. Mudzalipeza ku Malawi Police Service, makamaka kwa ofufuza milandu ya zachuma, ku Anti-Corruption Bureau, ku Financial Intelligence Authority, ku MACRA kumene kuli gulu la Malawi CERT lothandiza makina akathyoledwa, ku Reserve Bank of Malawi, ku Malawi Revenue Authority, ku National Audit Office, m'nthambi za audit ndi za chitetezo m'mabanki ndi m'makampani a mafoni, ndi m'makampani owerengera ndalama amene amalembedwa ganyu yofufuza chinyengo. Amene ali ku Johannesburg, Nairobi, Dublin kapena London ali ndi mwayi wochulukirapo, makamaka m'magulu othamangira makampani akathyoledwa.

Ndikhale ndi digiri yoyamba ya chiyani?

Njira yosalala ndi Computer Science, Information Technology kapena engineering ya zamagetsi ndi makompyuta. MUST ku Thyolo ili ndi digiri ya Computer Systems and Security imene ndi maziko abwino. A ku MUBAS, ku University of Malawi ndi ku Mzuni ochokera ku maphunziro a makompyuta nawonso amakwanira. Chofunika si dzina la digiri koma zimene zinatsala m'mutu: kodi mukudziwa mmene operating system imasungira mafayilo, mmene makompyuta amalankhulirana pa netiweki, kugwiritsa ntchito Linux popanda mbewa, ndi kulemba kapulogalamu kakang'ono mu Python?

A accounting, a zamalamulo ndi apolisi musadzichotse. Wowerengera ndalama amene waphunzira kusanthula malogi amaona chinyengo chimene wa makompyuta angachidumphe, chifukwa amadziwa mmene vocha yeniyeni imaonekera. Wapolisi amadziwa kale kusunga umboni ndi kuima m'khoti. Kungoti mudzafunika chaka chimodzi chodzikonzekeretsa pa maziko aja, apo ayi miyezi itatu yoyamba ya Masters idzakumizani.

Mu Masters yotereyi amaphunzitsa chiyani?

Kusanthula ma file system monga NTFS, ext4 ndi APFS, registry ndi malogi a Windows, kutulutsa umboni m'mafoni a Android ndi iPhone, kusanthula RAM, kutsata zodutsa pa netiweki, kung'amba mapulogalamu oipa kuti muone chimene amachita, umboni wa mu cloud, kutsata ndalama za Bitcoin ndi zinzake, malamulo a umboni, ndi njira zochitira kafukufuku. Kumapeto kumakhala dissertation. Ku Britain zonsezi zimapanikizidwa m'chaka chimodzi. Ku India, ku Norway ndi ku America kawirikawiri ndi zaka ziwiri kapena kuchepera pang'ono. Ku South Africa Masters yambiri ndi ya kafukufuku, ndipo amafuna mukhale ndi Honours kapena digiri yofanana nayo, imene bungwe la SAQA, loyeza mapepala a maphunziro m'dzikomo, limayamba layeza.

Phunziro limene ophunzira amalinyozera ndi la kalembedwe ka lipoti. Ine ndimaliika patsogolo. Lipoti lanu adzaliwerenga ndi majisitireti amene mwina sanatsegulepo command line, pomwe kompyuta imalamulidwa ndi mawu olemba, moyo wake wonse.

Ndikaphunzire kuti?

Masukulu amasintha maina a maphunziro ndi zofunika polowa, choncho onani pa tsamba lawo musanapange chisankho. Ku University of Pretoria kuli gulu la kafukufuku wa digital forensics lakalekale, ndipo ndi pafupi ndi kwathu. Carnegie Mellon University Africa ku Kigali ili ndi Masters ya Information Technology momwe mungatsate mbali ya cybersecurity. Strathmore University ku Nairobi imaphunzitsa chitetezo cha makina pa mlingo wa Masters. Ku India kuli National Forensic Sciences University ku Gandhinagar, yunivesite ya forensics yokhayokha, imene mu 2023 inatsegula nthambi ku Jinja m'dziko la Uganda. Ku Britain, Edinburgh Napier University ndi University of South Wales ndi odziwika pa ntchitoyi. Ku Norway kuli NTNU ku Gjøvik. Ku America kuli John Jay College of Criminal Justice ku New York ndi University of Central Florida.

Kwa apolisi ndi ena ogwira ntchito yokhazikitsa malamulo, University College Dublin ili ndi Masters ya Forensic Computing and Cybercrime Investigation imene imalandira anthu oterewa okha, ndipo mbali yaikulu imaphunziridwa pa intaneti munthu ali pa ntchito. Akuluakulu a nthambi zathu zofufuza milandu bwenzi akutumizako anyamata ndi atsikana awo chaka chilichonse.

Posankha, funsani mafunso atatu: muli ndi labu yokhala ndi zida zenizeni monga Cellebrite, XRY, Magnet AXIOM, EnCase kapena FTK? Aphunzitsi anu anaperekapo umboni m'khoti? Omaliza chaka chatha ali kuti? Ndipo musanalipire sukulu ya pa intaneti imene simunaimvepo, funsani a National Council for Higher Education ngati pepala lake adzalivomereze. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndikudziwa anthu amene anagulitsa malo chifukwa cha digiri yomwe palibe bwana anaivomera.

Nanga ndalama za fizi?

Ndi wochepa kwambiri amene angalipire yekha Masters ya ku Ulaya ndi malipiro a makwacha. Chevening ya boma la Britain imalipira zonse za chaka chimodzi, koma imafuna mukhale mutagwira ntchito maola 2,800, omwe ndi pafupifupi zaka ziwiri, ndipo mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri. Palinso Commonwealth Scholarships. Beit Trust, imene imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. Mastercard Foundation, imene imagwira ntchito ndi masukulu ngati Pretoria ndi Carnegie Mellon Africa. ICCR ya boma la India. Ndi Fulbright ya ku America. Ambiri amafuna mayeso a Chingerezi monga IELTS.

Polemba kalata yofunsira, musalembe kuti mumakonda makompyuta kuyambira muli mwana. Aliyense amalemba zimenezo. Tchulani vuto limodzi la kwanu limene mwaliona ndi maso, monga agogo oberedwa ndalama za mtukula pakhomo pa foni, ndipo fotokozani chimene mudzachite nalo mukabwerako.

Chabwino n'chiti, Masters kapena masatifiketi?

Zimagwira ntchito zosiyana. Satifiketi imauza bwana kuti mungayambe ntchito Lolemba. Masters imakupatsani kuzama kofunika tsiku limene chida chakana, kapena chakupatsani yankho lolakwika ndipo muyenera kutsegula fayilo ndi hex editor, pulogalamu yoonetsa manambala enieni a m'kati mwa fayilo, kuti mudzionere nokha. Imathandizanso pa kukwezedwa m'boma ndi pa kuphunzitsa ku yunivesite.

Masatifiketi odziwika ndi GCFE ndi GCFA a bungwe la GIAC, omwe ndi abwino koma okwera mtengo kwambiri. CFCE ya IACIS, imene apolisi a m'mayiko ambiri amailemekeza. CHFI ya EC-Council. Ndi CFE kwa ofufuza chinyengo cha ndalama. Kwa woyamba kumene, CompTIA Security+ ndi poyambira pabwino. Langizo langa kwa amene wangomaliza digiri: gwirani kaye ntchito zaka ziwiri, ngakhale ya kukonza netiweki kapena ya IT audit, tengani satifiketi imodzi, kenako Masters. Mudzalowa m'kalasi muli ndi mafunso anuanu, komanso maola a Chevening aja adzakhala atakwana. Kuthamangira zonse nthawi imodzi, mapanga awiri avumbwitsa.

Ndilibe ndalama panopa. Ndingayambe bwanji?

Ndi laputopu yakale ndi bandulo. Mapulogalamu a ntchitoyi monga Autopsy, FTK Imager, Volatility ndi Wireshark ndi aulere. Tengani fulashi yanu, ikanimo zithunzi, zifufuteni, pangani kope, werengani hash, yesani kuzibweza, ndipo lembani lipoti la masamba awiri ngati lopita kukhoti. Bungwe la NIST ku America lili ndi nkhokwe yotchedwa CFReDS, ndipo palinso Digital Corpora. Konseko kuli ma disk oyeserera okhala ndi milandu yopeka. CyberDefenders ndi TryHackMe ali ndi zoyeserera zambiri zaulere. Sungani malipoti anu, mudzawaonetsa pa intavyu.

Chenjezo limodzi lokha: yesererani pa zinthu zanu. Foni ya chibwenzi chanu, akaunti ya Facebook ya mnzanu, netiweki ya kuntchito popanda chilolezo cholembedwa, zonsezi ndi milandu. Ndipo munthu amene ali ndi mbiri ya mlandu wotere palibe angamukhulupirire ndi umboni.

Ndi malamulo ati amene ndiyenera kuwadziwa?

Ku Malawi yambani ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016. Ndi lomwe linakhazikitsa Malawi CERT, limanena za kulowa m'makina popanda chilolezo, kuzunza anthu pa intaneti ndi zithunzi zolaula za ana, komanso limavomereza mauthenga a pa makina kukhala umboni. Onjezani Financial Crimes Act ya 2017, Data Protection Act ya 2024, ndi Criminal Procedure and Evidence Code, makamaka pa za chikalata cha khoti chololeza chipikisheni. Amene ali ku South Africa awerenge Cybercrimes Act ya 2020 ndi POPIA, lamulo loteteza zinsinsi za anthu. Popeza umboni wambiri uli m'maseva a kunja, dziwaninso mapangano a mayiko okhudza milandu ya pa intaneti: la Budapest la 2001, la African Union lomwe linavomerezedwa ku Malabo mu 2014 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2023, ndi la United Nations lomwe linavomerezedwa mu December 2024.

Kukhoti kumakhala bwanji?

Mumalumbira, mumafotokoza maphunziro anu, kenako loya wa mbali inayo amayamba kukusendani. Sadzakufunsani zovuta za makompyuta. Adzafunafuna kabowo kakang'ono. Wotchi ya kompyutayi inali yolondola? Nthawi mwalembayi ndi ya ku Malawi kapena ya UTC, nthawi imene dziko lonse lapansi limayezerapo? Kusiyana kwake ndi maola awiri, ndipo maola awiri akhoza kuika munthu pa malo a mlandu kapena kumuchotsapo. Mukutsimikiza bwanji kuti ndi iyeyu amene anali pa kiyibodi, osati mng'ono wake amene amabwereka laputopu yomweyo? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo nthawi zambiri yankho loona ndi loti makina akusonyeza akaunti imene inagwiritsidwa ntchito, osati dzanja limene linalemba.

Apa pali chinthu chimene ndimafuna wophunzira aliyense achimve asanalipire fizi. Katswiri si wa apolisi, si wa bwana amene wamulemba ganyu. Ndi wa bwalo. Mukapeza fayilo yosonyeza kuti woganiziridwayo ndi wosalakwa, imalowa mu lipoti chimodzimodzi ndi yomutsutsa. Phunziraninso kufotokoza m'chilankhulo cha kwanu. Tsiku lina womasulira m'khoti adzasowa mawu a hash kapena metadata (zolembedwa zosonyeza amene analemba fayilo ndi nthawi yake), ndipo woimbidwa mlandu, amene ufulu wake uli pa mapeto a lilime lanu, ayenera kumva chimene mukunena.

Zowawa za ntchitoyi ndi ziti?

Walira mvula walira matope. Choyamba, amene amagwira ntchito ndi apolisi amaona zithunzi ndi mavidiyo a ana akuchitidwa nkhanza, ndipo ayenera kuziona chimodzichimodzi kuti azilembe. Zimenezi zimatsala m'maso. M'mayiko ena akatswiri oterewa amaonana ndi aphungu a zamaganizo pafupipafupi; ngati kuntchito kwanu kulibe dongosolo lotere, lifunseni, ndipo musanyamule nokha.

Chachiwiri ndi ziphuphu ndi ziopsezo. Mukamafufuza mabiliyoni, eni ake sangokhala. Adzayamba ndi envulopu, ikakanika adzakukumbutsani kuti akudziwa sukulu imene ana anu amapita.

Chachitatu chimandivutitsa kwambiri. Luso lomwe limagwira wakuba ndi lomwenso lingagwiritsidwe ntchito posaka munthu amene wadzudzula atsogoleri pa gulu la WhatsApp. Ku Malawi anthu, kuphatikizapo atolankhani, amangidwapo pogwiritsa ntchito lamulo la 2016 lija chifukwa cha zolemba za pa intaneti, ndipo mabungwe ngati MISA Malawi akhala akudandaula. Mudzapatsidwa foni ya munthu momwe muli moyo wake wonse: matenda ake, ngongole zake, za m'banja mwake. Onani zokhazo zimene chikalata cha khoti chalola. Zina zonse si zanu, ndipo si nkhani yokacheza nayo kumowa.

Chachinayi n'chakuti kuphunzira sikutha. Android ndi iPhone zimasintha chaka ndi chaka, ndipo layisensi ya zida zotsegulira mafoni imalipiridwa ndi madola chaka chilichonse, zomwe nthambi zathu zambiri zimavutika nazo.

Ndikapeza malo, dissertation yanga ndilembe za chiyani?

Musapite ku Edinburgh kukalemba za iPhone yatsopano; kumeneko kuli kale anthu mazana amene akuchita zimenezo ndi zida zoposa zanu. Tengani zimene inu mukudziwa ndipo iwo sakuzidziwa. Mafoni ambiri ogwidwa kwathu ndi a Itel ndi Tecno, ena ndi timafoni ta mabatani, ndipo zida zodula zija zinapangidwa poganizira kaye misika ya ku Ulaya ndi ku America. Kodi malonda a pa USSD, aja timayamba ndi nyenyezi n'kumaliza ndi hashi, amasiya mapazi otani m'foni, kwa ejenti ndi ku kampani? Ndalama yobedwa ikadumpha manambala asanu m'mphindi khumi n'kukatulutsidwa kwa ejenti wa boma lina, ingatsatidwe bwanji isanatuluke? Mapulogalamu osanthula mauthenga amamva Chingerezi. Ndani adzawaphunzitse kuzindikira uthenga wachinyengo wolembedwa m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chinyanja cha ku Lusaka, chosakaniza ndi mawu a pa tauni? Polisi ya kumudzi yopanda Faraday bag ndi magetsi odalirika ingasunge bwanji foni masiku atatu mpaka ifike ku Lilongwe umboni uli wosaonongeka?

Funso lomalizali likuoneka laling'ono, koma amene angaliyankhe bwino, n'kulemba ndondomeko ya tsamba limodzi imene wapolisi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa angaimate pakhoma la ofesi, adzapulumutsa milandu yambiri. Musanapite, pemphani chilolezo cholembedwa kwa akuluakulu a nthambi imene mukufuna kuchitako kafukufuku, chifukwa komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku ku yunivesite idzachifuna, ndipo makalata oterewa amatenga miyezi kuti asainidwe.